Mapanelo Anu Ndinawalozetsa Kumwera

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Chiparamba kwazizira. Ndikulemba ndili pakhonde, ndavala jekete la atate chifukwa cha chisanu cha Juni. Ndiyambe ndi nkhani zabwino, paja simunkafuna munthu wofikira kutula zoipa asanakhale pansi.

Atate ali bwino, bondo lokha ndi limene limawavuta m'mawa. Chimanga chachita bwino kumunda wa kumtunda, koma wa kudambo madzi anaimamo mu Febuluwale. Nsawa zanu zija munasunga m'chigubu tinabzala zonse, takumba, zauma. Thonje sitinalime. Achemwali Zelipa anati popanda inu palibe woti n'kulimbana ndi kupopera. Mwana wawo Tamara anabereka mwana wamkazi mu Epulo, ndipo anamutcha dzina lanu. Atate akulephera kulitchula. Amangoti, "Bweretsani kuno mayi wamng'onoyo."

Tsono nkhuku zanu, amayi. Chitopa chabwera msanga chaka chino, kumapeto kwa Meyi, ndipo chasesa mudzi wonse. M'masiku asanu khola lanu linangoti zii. Ngakhale thadzi lalikulu la tsumba lija munkati mukusungira mlendo wolemekezeka, mlendo wake osafika chaka ndi chaka, nalo linafa. Chimene chinatsala ndi mazira makumi awiri ndi asanu ndi atatu amene achemwali anatola m'zisa. M'mudzi monse munalibe thadzi loti n'kuwafungatira. Choncho anapukuta makina anu ofungatira mazira aja munalandira ku gulu la amayi, amene chimwalirire inu anangokhala pakona atavindikiridwa ndi chitenje, n'kuikamo mazirawo. Mbewu yonse ya nkhuku zanu, zimene munayamba kuweta ine ndisanabadwe, inatsalira m'makina amenewo. Ndipo inu mukudziwa kuti makinawo amafuna magetsi a sola usana ndi usiku kwa masabata atatu, osadukiza, makamaka kukazizira chonchi.

Apa ndiyenera kukuuzani chimene ndinachita mu Okutobala, patangopita mwezi titakuikani m'manda.

Mukukumbukira mmene mapanelo anu awiri a sola ankakhalira, pa chimango chamatabwa chija atate anakukhomerani kuseri kwa khitchini. Ine chinkandichititsa manyazi. Ndinkaona ngati thandala la mbale. Tsiku lililonse munkachitembenuza, m'mawa uku, madzulo uku, n'kumapukuta magalasiwo ndi mpango wakale. Ndikakuuzani kuti zinthu zimenezi sazigwiragwira, munkandiyankha osatembenuka n'komwe: "Iwe, chinthu chodya dzuwa uzichiyang'anitsa kumene kuli chakudya chake." Tsiku lina munawonjezera kuti, "Dzuwa nalo limasamuka, silikhala mudzi umodzi chaka chonse." Ndinaseka. Ndinkayesa ndi nkhambakamwa zanu zija za pamtondo.

Inu mutapita ndinati atate sangathe kumatembenuza chimangocho ndi bondo lawo, mbuzi zidzaswa magalasi, akuba adzanyamula. Zonsezo zinali zoona. Ndinatenga kabuku kachizungu kamene kanabwera m'katoni ya mapanelowo, ndipo kanalemba momveka kuti awayang'anitse kumwera. Mbali ya kumwera ya denga lathu ndi imene imayang'ana kumsewu. Ndisakubisireni, zimenezo zinandikomera. Ndinkafuna wodutsa aziona kuti pano pali mwana amene anapita kuyunivesite. Atate anandigwirira makwerero, ine ndinakwera, ndinamanga mapanelowo ndi mabawuti moti ngakhale mphepo ya mkuntho sikanawasuntha.

Miyezi yoyamba inandinamiza. Kabokosi kaja ka pakhoma, kamene kamaonetsa mphamvu imene yalowa pa tsiku, kankaonetsa nambala zokoma. Mu Novembala batire linkadzaza nthawi ya teni isanakwane. Ndinajambula nambalayo pafoni n'kutumizira achemwali, popanda mawu, kuti adzionere okha. Pa Khirisimasi, tsiku lopanda mitambo, mphamvu inkachita kutsala. Mu Febuluwale kunagwa mvumbi, batire linatha masiku atatu osadzaza, ndipo ndinati ndi mitambo. Pamenepo sindinalakwe, inalidi mitambo. Koma kuyambira mu Epulo kumwamba kunayera, pamene nambala inkangotsika pang'onopang'ono. Palibe anazindikira, chifukwa nyumba inkangofuna mababu atatu, wailesi ya atate ndi kutchaja mafoni. Ine ndinali ku Chipata, ndikuphunzitsa ana a eni ake sayansi.

Mazira atatha masiku asanu ndi anayi m'makina, achemwali anandiimbira Lachisanu, ndikutuluka m'kalasi.

"Aphunzitsi, bwerani mudzaone sayansi yanu. Makina akumazima tambala asanalire. Ndanama, tambala tilibe. Akumazima kusanache."

Ndinafunsa kuti zayamba liti. Anati ndi masiku anayi. Masiku anayi, amayi! M'mawa uliwonse ankapeza kababu ka makina katazima, mazira atazizira ngati miyala ya kumtsinje. Ankawiritsa madzi, kuthira m'mabotolo, kuwaika m'mbali mwa mazira n'kufunditsa bulangeti mpaka dzuwa litakwera. Atate anasiya wailesi. Madzulo ankadya kusanade kuti asayatse babu. Nditafunsa chifukwa chimene sanandiuzire msanga, anati, "Atate anandiletsa. Ati tisavutitse munthu wa pantchito."

Ndinafika Loweruka dzuwa lili pamutu. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi. Ndinayang'ana kabokosi kaja, ndipo mphamvu yolowa inali ngati theka la imene ndinajambula mu Novembala. Ndinayamba kuimba mlandu batire. Ndinaliyeza, linali bwino. Ndinatsata mawaya onse ndikuyembekeza kupeza pamene khoswe waluma, ndipo mumtima ndinkachita kupempha kuti khoswe apezeke. Panalibe. Ndinakwera padenga ndi chidebe, ndinatsuka fumbi, achemwali n'kukuwa ali m'nyumba kuti nambala yakwera pang'ono chabe.

Ndinaima pamwamba penipeni pa denga, ndikuyang'ana mapanelowo m'munsi mwanga, osadziwa chochita. Ndiye ndinamva kutentha kumsana. Ndinaona chithunzithunzi changa chitagona pa magalasiwo, kuloza kumsewu. Dzuwa linali kumbuyo kwanga, kumpoto, kumbali ina ya nyumba. Mapanelo anali atalifulatira, kuwala kukungowakhudza chammbali.

Ndinakhala pansi pamalata pomwepo. Amayi, chinthu chimenechi ndimachiphunzitsa chaka chilichonse. Ndimajambula pabolodi dziko litapendekeka, ndimauza ana kuti kuno kwathu mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo mu Disembala limabwerera pamutu pathu n'kupitirira pang'ono chakumwera. Mwana akalemba mosemphanitsa ndimamuchonga kuti walakwa, ndi cholembera chofiira. Kabuku kaja analembera anthu a maiko akutali a kumpoto, kumene dzuwa lawo limakhala kumwera chaka chonse. Ndinkadziwa zonse ziwiri. Sindinaziike pamodzi ngakhale kamodzi, chifukwa china chinali chosindikizidwa m'Chingerezi, ndipo china ndinkachimva kwa inu muli ndi mpango wong'ambika m'manja.

Nditatsika ndinapeza atate atakhala pampando wawo, akusenda nsawa.

"Atate, mbali ija ndinaika si yake."

"Eya," anatero. "Ndinaona."

"Munaona liti?"

"Tsiku lomwe lija."

Ndinawayang'ana ngati sindikuwadziwa. "Nanga bwanji simunanene, inu mutagwira makwerero?"

Anasenda nsawa ina, n'kuiponya m'lichero. "Ndinati mwina kuyunivesite anapezako zina. Ife sukulu tinasiyira panjira. Komanso unali ndi maliro mumtima, mwanawe. Unkafuna chochita ndi manja."

Mpaka lero sindikudziwa choti ndichite ndi mawu amenewo. Bambo wanga anaima pansi pa makwerero, akuona ndikulakwitsa, n'kukhala chete chifukwa cha pepala langa la kuyunivesite lija munalipachika pakhoma. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndi zinthu zingati zina zimene pakhomo pano amandisiya ndilakwitse mwaulemu.

Achemwali sanataye nthawi. Anapita kuseri kwa nkhokwe n'kukoka chimango chanu, chimene ankayanikapo mfutso. Chiswe chinali chitadya mwendo umodzi. Tikuchikonza, ndinaona chinthu chimene sindinachionepo zaka zonsezi: pa thabwa lochirikiza kumbuyo pali mipata itatu yosemedwa ndi mpeni. Atate anandilozera ndi chala. Wapansi ndi wa dzinja, mapanelo amagona pafupifupi chagada, kungopendekeka pang'ono kuti madzi a mvula azitsika. Wapakati ndi wa masika, ndiponso chilimwe chikamayamba. Wapamwamba ndi wa chisanu, mapanelo amadzuka n'kuyang'ana kumpoto. Anati munawasemetsa kawiri mpata wapamwambawo, chifukwa woyamba munati sunakwane.

Ndinayeza kupendekeka kwa mpata uliwonse ndi foni, n'kukhala pansi kuwerengera papepala mmene buku likananenera pa dera lathu lino. Kusiyana kwake kunali kochepa moti ndinachita mantha. Munazipeza bwanji, amayi? Munkangoyang'ana nyale za kabokosi kaja ndi mithunzi ya pabwalo, mwezi ndi mwezi, ine ndikubwera pa tchuthi n'kumakuuzani kuti musamagwiregwire?

Tinamasula mabawuti madzulo omwewo, achemwali akulandira pansi. "Pang'onopang'ono, aphunzitsi," ankatero, "mungagwetse digiri." Lamulungu tikuchokera ku Misa, batire linali litatsala pang'ono kudzaza, ndipo linadzaza wani koloko isanakwane. Pofika madzulo nambala ya tsikulo inali pafupifupi kawiri ya dzulo lake. Dzuwa lomwelo, mapanelo omwewo, mwezi womwewo. Kuchokera tsiku limenelo makina sanazimenso.

Koma mazira anali atazizidwa kale m'mawa kasanu. Ndinabwerera kuntchito, ndipo sabata ndi theka ndinkaphunzitsa ngati munthu wobwereka pakamwa. Ndinapempha masiku, ndinabwera kuno pa tsiku loti aswe. Tinakhala pafupi ndi makinawo kuyambira m'mawa. Palibe dzira linagwedezeka. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Achemwali anati tikataye asanayambe kununkha. Atate anati, "Azizidwa amenewo, achedwa panjira. Apatseni mawa."

Mawa lakelo ndi lero. Titatsegula m'mawa tinamva kulira kwakung'ono, ndipo achemwali anagwira pakamwa. Anaswa asanu. Kamodzi kanali kofooka, kafa dzuwa lisanafike pamutu. Atsala anayi.

Otsalawo ndinawatengera kuseri kwa khitchini ndekha. Achemwali anati ndingowakwirira, koma ine ndinafuna kudziwa. Ndinaswa limodzilimodzi pamwala. Asanu ndi awiri munalibe kanthu, amenewo sakanaswa ngakhale pansi pa thadzi. Koma khumi ndi asanu ndi limodzi munali anapiye, amayi. Tating'ono ngati nsonga ya chala, diso lakuda lalikulu, timapiko titayamba kuoneka. Onse anaima pa msinkhu umodzi, pa masiku omwe aja makina ankazima. Ndinawayala pansi, ndinawawerenga kawiri, ngati kuti kuwerenga kusintha kanthu. Achemwali anabwera ndi khasu, anayang'ana, ndipo sananditchule kuti aphunzitsi. Anangoti, "Dalitso, suntha ndikumbe." Kukanakhala bwino akanandinyoza.

Anayiwo ali m'katoni pafupi ndi mwendo wanga pamene ndikulemba, pansi pa babu limene tawayatsira kuti afunde. Akudya gaga wonyowetsa, ndipo kamodzi kayamba kale kujompha anzake. Sitikudziwa ngati mwa iwo muli tambala ndi thadzi. Atate akuti tidzaona pakatha mwezi ndi theka, zipsepse zikayamba kutuluka. Akadzapezeka onse a mtundu umodzi, tidzabwereka kwina, ndipo nkhuku zanu zidzakhala zanu theka lokha. Zimenezo ndazichita ine, ndipo sindikupempha kuti munene kuti palibe kanthu.

Lolemba ndikauza ana a m'kalasi mwanga zimene ndinachita padenga lino, ngakhale ndikudziwa kuti akandiseka mpaka chaka chithe. Kutembenuza kwa tsiku ndi tsiku achemwali atenga, koma kusintha mpata ndapempha kuti kukhale kwanga. Atate akuti munkatsitsira pa wapakati mthunzi wa nkhokwe ukasiya kufika pa mwala wa pakhomo la khitchini, chakumapeto kwa Ogasiti. Ndikulonjeza kuti ndidzabwera kudzauyang'ana ndekha mthunziwo, ndipo ndisanagwire thabwa ndidzayamba ndafunsa atate ngati nthawi yakwanadi.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Dalitso