Mphindi Zisanu ndi Ziwiri Pakhomo pa Atelala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa chija chinawasiya alamu? Kuno amayi ali bwino, kungoti maso akuchepa mphamvu. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima ndiye ayi. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndikanangokunamizani kuti zonse zili bwino.

Ntchito yozimitsa moto munaisiya ija si imene ndikugwira lero. Siteshoni yathu yakale anaitseka chaka chatha, pano akugulitsiramo matayala. Anatiphatikiza ndi anzathu a kutsidya kwa njanji. Belu lija kulibenso, kompyuta ndiyo imatiuza kopita. Masiku ambiri moto sitiuona n'komwe, timangodula magalimoto pangozi kapena kudzutsa okalamba amene agwa m'bafa. Wamtali, mnzanu uja munkakwera naye makwerero, amati posachedwa atipatsa mayunifolomu a anamwino. Iye akadalipo, ndipo tsopano mtsogoleri wake ndine.

Mwezi watha, Lachiwiri masana, tinaitanidwa mumsewu wa kwathu, kunyumba ya atelala aja ankakusokerani zovala. Chipinda chapansi anali ataikamo munthu wokonza njinga zamagetsi, ndipo mabatire ake ndiwo anayaka. Achimwene, moto umenewu simunauonepo. Ukauthira madzi umakhala ngati wagona, kenako n'kuphulikanso, ndipo utsi wake ukaupuma kawiri wagwa.

Lamulo latsopano limati tisalowe m'moto wotere galimoto yachiwiri isanafike, kuti pakhale otitulutsa zikavuta. Kale, siteshoni yathu isanatsekedwe, galimotoyo ikanatulukira pakona pomwepo. Tsikulo inaima panjanji kudikira sitima idutse.

Mwana wamkazi wa atelala anandizindikira mawu ngakhale ndinali nditaphimba nkhope. Anandigwira jekete n'kunditchula dzina langa la paubwana. Anati bambo ake ali m'chipinda cham'mwamba, miyendo yawo siyendanso bwino, ndipo akuwamva akukhosomola.

Wamtali anali atavala kale chopumira. Anandiuza kuti mphindi ziwiri zimukwanira, ine ndingoyang'ana kumbali. Ndinakana. Atayamba kuyenda ndinaima pakhomo n'kumuuza kuti akafuna kulowa ayambe wandigwetsa ine. Makwerero sakanafika pazenera chifukwa cha mawaya a magetsi, choncho tinkangothira madzi tili panja, mwana wa atelala uja akulira kumbuyo kwanga.

Tinadikira mphindi zisanu ndi ziwiri. Pa mphindi yachinayi masitepe anagwa. Anzathu atafika tinaboola khoma la nyumba yoyandikana, ndipo amene ndinawapeza atelala ndine. Anali atakwawa mpaka pachitseko, atadziphimba kumutu ndi nsalu imene ankasoka.

Akuluakulu atafufuza ananena kuti ndinachita bwino, kuti ndinapulumutsa moyo wa Wamtali. Anandigwira chanza pamaso pa onse. Koma Wamtali chiyambire tsikulo sandilankhula china choposa za ntchito. Iye amawerengera kuti masitepe anaima mphindi zinayi, pamene iye anangopempha ziwiri. Inenso ndikawerengera ndimapeza zomwezo.

Chandilembetsa kwenikweni ndi ichi. Amayi sakudziwa kuti wolamula tsikulo ndinali ine, ndinawanamiza kuti ndinali kumaphunziro. Kumaliro a atelala amayi anauza anthu kuti mwana wawo wamwamuna, inuyo, akanakhala kuti akadali pantchito, bwenzi atelala ali moyo. Mwana wa malemuyo anangowayang'ana, sanandiulule. Sadzakhala chete mpaka kalekale, ndipo sindikufuna amayi adzamve kwa munthu wina.

Chonde bwerani kumapeto kwa mwezi uno, mudzakhale pambali panga powauza. Ndekha ndayesa katatu, koma ndalephera.

Koma musanabwere mundiyankhe chinthu chimodzi, osandinyengerera. Inu amene munalowa m'moto popanda wokuletsani, n'kutulukamo ndi mwendo umene mukutsimphina nawo mpaka lero, mukanakhala pakhomo paja mukanamulola mnzanu kulowa? Mukati inde, ndikabweza chipewa ndi jekete. Mukati ayi, ndipitiriza ntchito, ngakhale sindikudziwa ngati ndidzakukhulupirirani.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo anawo muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni nonse kufikira tidzaonane.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.