Makumba Amphongo Okhala ndi Mazira

Lolemba, 13 Okutobala 1997
Miyezi itatu yakwana. Mawa a Masozi a ku koleji abwera kudzatumbula makumba amene anandisungitsa. Migolo ilipo iwiri: wina wa madzi a pachitsime, wina wa madzi a m'ngalande yochokera ku fakitale ya penti kumtunda kwa Nathenje. Nsomba zonse zamphongo. Ndinasankha ndekha, kutembenuza imodziimodzi. Akuti mankhwala ena amasokoneza thupi, champhongo n'kumachita ngati chachikazi. Maso saona mankhwalawo, nsomba ndizo zinene.

Lachiwiri, 14 Okutobala
Atumbula. Za pachitsime bwinobwino. Za m'ngalande, zinayi mwa khumi m'mimba muli tinthu tonga mazira! Ndinatsala pang'ono kuvina. Koma a Masozi nkhope gwaa. Akuti ngati ndinasakanizamo zazikazi, ntchito yonse yagwa m'madzi. Atenga ziwalozo kuti akazione bwino ku koleji.
A Efulemu, dalaivala wawo: “Achimwene, umbeta wakuiwalitsani kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi.” Onse kuseka. Ndinasekako.

Lachitatu, 15 Okutobala
Nthabwala ija yandikhala mumtima. Mkazi wanga Idesi, zaka ziwiri tsopano chindisiyireni.

Lachinayi, 16 Okutobala
Ndalephera kudikira. Ndapalasa njinga mpaka cha ku Mitundu, ku koleji. A Masozi anandikoka mkono kuyambira pakhomo. “Suzumirani umu, bambo.” Makina aja okuza tinthu tating'ono. Poyamba chifunga chokhachokha, kenaka timipira tozungulira, mbuu.
“Chiwalo ichi n'chachimuna,” akutero. “Mazira ali m'kati mwake. Simunalakwitse ngakhale imodzi.”
Ndinasuzumira kanayi. Akuti dzina langa lilowa mu lipoti. Pobwerera chitunda cha m'njira sindinachimve n'komwe, ndinangozindikira ndikuimba.

Lachisanu, 17 Okutobala
Ndinalawira kuti ndikauze Felesiya, mwana wanga. Kunyumba kwake kulibe. Ndinam'peza kudambo, kumunsi kwa ngalande ija, akutunga. Ali ndi pakati pa miyezi isanu. Amatunga pamenepo masiku onse, ine ndikudziwa. Miyezi itatu yonseyi mutu unali pa nsomba basi.
Ndinam'tula ndowa, n'kukhuthulira pansi.
“Ababa, mwatani kodi?”
“Tiye kuchitsime. Ndikufotokozera m'njira.”
Anayang'ana amayi ena asanu amene anali pamzere ndi ndowa zawo. “Nanga awa?”
Ndinaimika njinga pamtengo, ndinavula chipewa, n'kuwapempha kuti ayambe andimvera.