Galimoto Yako Ikukana Kutsika Phiri

Wokondedwa mwana wanga Tihomir,

Ndikhulupirira uli bwino ku Norway kumeneko, ndipo chifuwa chija unkatsokomola pa foni chinakusiya. Kuno tilipo. Mayi ako mawondo ndi omwe aja, komabe amaliza kuwotcha tsabola wa m'mabotolo, khonde lonse likununkha utsi. Mkazi wako Desislava ali bwino, kungoti watopa tsopano, moti nsapato akuchita kumuveka mayi ako. Adokotala akuti tiyembekezere kumayambiriro kwa Novembala.

Usadabwe kuti ndalemba kalata. Pa foni sundipatsa mpata. Ndikangotchula galimoto, iwe umaseka n'kumati imatero imene ija, ndisaigwire. Ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Galimoto unatisiyirayi yandizunguza mutu. Ine ndayendetsa basi m'mapiri muno mpaka kutuluka dazi, ndipo ndinkaika kapu ya madzi patsogolo osatayika ngakhale dontho. Koma iyi ndaigonjera. Ndikaponda moto imakoka bwinobwino. Ndikangochotsa phazi imayetsemula kuti tsiii, kenako khutchu, mutu kutsogolo, khutchu, mutu kumbuyo. Nthawi zina imachita ngati izima, kenako n'kudzidzimuka yokha.

Pokwera kubwera kumudzi kuno ilibe mlandu, imangoyetsemula posintha giya basi. Koma ukudziwa wekha kuti kuchokera pakhomo pano kukafika kuchipatala ku Smolyan ndi kutsetsereka kokhakokha, makona okhaokha, ndipo pa kona iliyonse phazi liyenera kuchoka pa moto. Galimoto ina pano palibe. Ambulansi umaidziwa kuchedwa kwake, ndiye kukagwa chipale chofewa ndi nkhani ina. Matenda akamuyamba Desislava, ndidzamutsitsa bwanji m'chinthu chimenechi? Funso limeneli likundilanda chakudya pakamwa.

Loweruka ndinaitana a Marin a khomo loyandikana nalo kuti tikaiyese. Ndinawagwiritsa kapu ya madzi. Mayi ako anathira madzi pansi kutsogolo kwa matayala monga timachitira, kuti ulendo uyende ngati madzi. Unayendadi ngati madzi, koma onse anathera pa buluku la a Marin tisanafike n'komwe pa tchalitchi.

A Marin amvekere, iwe Stamen wakalamba, phazi lakolo likunjenjemera, tasuntha ndikuonetse mmene amuna amayendetsera. Ndinawasiyira chiwongolero. Pa kona yoyamba anadziluma lilime. Anaimika pambali, natsika, n'kunena kuti iwo akhala akuyendetsa mathirakitala opanda mabuleki koma chamisala chotere sanachionepo, ndipo kunyumba abwerera wapansi.

Kuchokera tsiku limenelo aliyense m'mudzi muno ndi makaniko. A Marin akuti ndi petulo wakuda. Wa pagolosale akuti mapulagi, ndinasintha, palibe chinasintha. Mayi ako akuti anthu anaiyang'ana ndi diso loipa tsiku lija unabwera nayo ikunyezimira, ndipo amangirira ulusi wofiira pa galasi. Ulusiwo ukungovina nawo ikamakhutchumuka.

Pomaliza ndinapita nayo kwa Zdravko, mnzako wa kugalaja uja. Atatsegula boneti anaimba kaye mluzu. Akuti mwana wanu bambo ndi wanzeru, koma nzeru zake ndi za kokayenda, osati za kuchipatala. Anandilozera kachitsulo konyezimira kamene unaikapo pafupi ndi tabo, chopopera mpweya mu injini chija, akuti koyetsemulako ndi kameneko.

Ndikuuze mmene ndinamvera, ngati ndalakwitsa undikonze. Akuti kompyuta ya galimoto imayeza mpweya wonse wolowa, n'kuthira petulo wokwanira mpweya umenewo. Ukachotsa phazi, valavu yakale inkabweza mpweya wotsala m'paipi momwemo. Yakoyi, kachitsulo kaja, imautaya kunja kuti anthu amve phokoso. Kompyuta siidziwa kuti mpweya wathawa, imathirabe petulo, injini n'kutsamwa. Ndinamufunsa kuti ndiye munthu amagula dala chinthu chotsamwitsa injini yake yomwe? Iye anati eya, ndipo anyamata amachilimbirana. Apa mpomwe ndinaona kuti dziko landisiya.

Zdravko sanalumbire kuti vuto ndi lokhalo, chifukwa akuti kompyutayo munaitokosanso. Koma akuti tiyambe tabwezeretsa valavu yakale, ndi ntchito ya masana amodzi. Ndinaipeza m'shedi, m'katoni, kuseri kwa zigubu za kachasu wathu wa rakiya. Mtima unakhala pansi, ndinati zatheka.

Lolemba m'mawa ndikuti ndinyamuke, makiyi palibe pa msomali. Ndinafufuza m'matumba, m'madirowa, mpaka kukalipira mayi ako opanda chifukwa. Kenako ndinaona Desislava ataima pakhomo, dzanja lili m'thumba la epuloni. Anati bambo, chonde musapite nayo. Ndinaganiza kuti akuopa iwe, ndinamuuza kuti ukakwiya ndidzayankha ndine. Anapukusa mutu. Ndinamukumbutsa za makona aja, za mwana, ndinamufunsa ngati akufuna kuchirira pamsewu. Anangoti akudziwa, n'kulowa m'nyumba ndi makiyi omwewo.

Tihomir, ndinakhala pa chitsa chowazira nkhuni ngati munthu womenyedwa. Amene ndikumuvutikira ndi yemweyo akundiletsa. Ndinafunsa mayi ako, iwo anati amuna inu muli ndi maso a pamsewu okha, za m'nyumba simuona.

Masana tikusenda nyemba Desislava anayamba yekha, osandiyang'ana. Akuti galimoto ikamakwera kuchokera kutauni, pa kona ya pa kasupe paja munthu amasintha giya, ndipo kuyetsemulako kumamveka mpaka pa zenera la kukhitchini. Umo ndi mmene ankadziwira kuti wafika, kuyambira muli pa chibwenzi. Akuti pano amadziwa bwinobwino kuti woyendetsa ndine, si wamisala ayi. Koma kuchokera pa kasupe kufika pa geti, kanthawi kameneko, amalola mtima wake kuti unamizike. Anati bambo, mukachotsa kachitsuloko ndiye kuti Tihomir wapitadi.

Pamenepo mpamene ndinazindikira chifukwa chake amandituma kutauni pafupipafupi. Lero yisiti, mawa ulusi, mkuja mandimu awiri. Ine ndinkati ndi zilakolako za anthu oyembekezera. Ndinazindikiranso chifukwa chake ndikatsika ine ndi dazi langali amachoka pa zenera mwakachetechete. Ndinamva chisoni, ndipo ndikuuze zoona, ndinakukwiyira kwambiri.

Sindikukudzudzula kuti unapita kukagwira ntchito. Nsomba za kumeneko n'zimene zatifolerera denga. Koma wanena kuti ubwera pa Pasaka, kenako pa zokolola, pano ukuti mwina pa Khirisimasi. Pa foni umafunsa kaye ngati galimoto tikuilizako, mkazi wako ali pomwepo akumva.

Ndiye taona pamene wandiika. Ndikaisiya, ndidzatsitsa mpongozi wanga ali pa ululu m'galimoto yoluma anthu malilime. Ndikaikonza, ndimulanda kanthu kokhako kamene kamamuimika pa zenera. Ndatembenuza nkhaniyi mbali zonse, ndipo mbali iliyonse ndikutuluka woipa ndine.

Komabe ndasankha. Likangodutsa tsiku la Dimitar Woyera, kumapeto kwa Okutobala, ndipita nayo kwa Zdravko, ngakhale Desislava asiye kundilankhula. Mdzukulu wanga sabadwira pa kona. Ngati ikhutchumukabe, ndidzagwada kwa mlamu wa a Marin wa kutsidya uja kuti galimoto yake izigona pakhomo pano.

Pempho langa ndi ili. Muimbire mkazi wako, osati zongoseka zija ayi, umuuze ndi pakamwa pako kuti walola, ndipo umuuze tsiku lenileni lofikira. Kachitsulo kakoko sinditaya. Ndikakulunga m'nsanza yoyera n'kukaika pa alumali ya kukhitchini, pafupi ndi zenera. Zdravko ndamuuza kale kuti asadzakabwezeretse, ngakhale utamuimbira foni motani. Ngati ukufuna Desislava adzamvenso kuyetsemula kuja pa kasupe, ubwere udzakamangepo wekha, ndipo wotsika pa geti ukhale iweyo.

Mayi ako akupereka moni, akuti uzivala masokosi aubweya aja pa bwato. Undiperekere moni kwa msuweni wako Radoslav, umuuze kuti amayi ake akudandaula kuti sakuimba. Mulungu akusunge pamadzi pamenepo, ndipo akubweze msanga.

Ndine bambo ako,
Stamen