Kaswichi Kaja Musakachotse

Germiston,
12 Malichi 2007

Okondedwa achimwene a Davison,

Moni kuchokera kuno ku Joni. Kodi muli bwanji kumeneko ku Phalombe? Nanga Mayi, mwendo wotupa uja waphwako? Ine ndili bwino, ndikadali pantchito yochapa zovala pahotela paja.

Kalata yanu yandisowetsa tulo. Mwati kaswichi ka pabolodi la magetsi kakumagwa kokha mukayatsa firiji, mafirizesi n'kusungunuka, ndipo a Laston akuti adzakachotsa n'kulumikiza mawaya mwachindunji. A Laston omwe aja okonza mawayilesi pamsika? Achimwene, ndakwiya.

Mwezi wathawu ndinkakolopa kuchipinda chochapira, madzi ali thothotho, ine nsapato nditavula monga mwa chizolowezi chathu. Nditangogwira makina ndinamva kuti nyesi yandiluma m'chala, nthawi yomweyo magetsi thi! Mzimayi amene amakonza magetsi pano anapeza waya wosupuka m'kati mwa makinawo. Anandiuza kuti chimene chinazimitsa magetsiwo ndi kaswichi konga kanuko, kamene kamamva magetsi akayamba kuthawira pansi kudzera m'chitsulo kapena m'thupi la munthu, ndipo kamawadula munthu asanaphethire. Anati pakanapanda iko, bwenzi mukundilandira m'bokosi.

Kathu kuno n'kodabwitsa zedi. Kamadziyesa kokha, ndipo kakaona kuti kafooka kamayatsa kanyali kofiira kuti akasinthe. Ndi mlonda uti amene anakuuzanipo yekha kuti wayamba kusinza? Masiku ano ndikamadutsa pamenepo ndimachita kukapatsa ulemu.

Ndiye kanuko sikakudwala ayi. Yodwala ndi firijiyo, ndipo iko kakungokuuzani zoona. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Pempho langa ndi limodzi: kasiyeni pomwepo. Firijiyo izimitseni mpaka aione wamagetsi weniweni wa pa Boma. Kanuko sikadziyesa kokha, choncho muzidina kabatani kake mwezi uliwonse. Kakagwa ndiye kuti kali moyo.

Mukudziwa kuti amene amatsegula firijiyo m'mawa ndi Mayi, atangotha kukolopa, ndipo nsapato amavala Lamulungu lokha. Mafirizesi asungunuke, tidzapanga ena. Ine ndikufuna pa Khirisimasi ndidzawapeze Mayi pakhonde akundikalipira kuti ndaonda.

Mundiperekere moni kwa Mayiwo, alamu anga a Ida, ndi amalume ku Chiringa. A Laston muwapatsenso moni, koma pabolodi asafikepo.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Gertrude