Gitala ya Abambo ndi Kabotolo

Okondedwa achimwene a Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Lirangwe tilipo, koma abambo dzanja lamanzere lija likungofookerabe.

Lachiwiri anaitanitsa gitala yawo. Zala zitakanika kudina mawaya, anaichuna mwanjira ina kuti izimveka bwino osadina, n'kuigoneka pamiyendo. Kenako anatenga kabotolo ka mankhwala n'kumakatsetsereza pamawayapo. Gitala inalira ngati munthu, mpaka amayi anasiya kuchapa.

Nyimbo ili pakati, kabotolo kanawapulumuka n'kusweka. Anangoliyang'ana dzanjalo, n'kundifunsa kuti, "Kodi Yohane abwera liti?"

Mpaka lero mtima wanga uli m'mwamba. Mawa tipita nawo kuchipatala. Chonde musadikire Disembala, mubwere mudzawamve akadali kuimba.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati