Wapakati

Lolemba, 11 Meyi 1903, Tainan

Ndajambula mkazi wanga Kiyo ali ndi Mayi Kho, eni nyumba yathu, kuti titumize chithunzi kwathu ku Nagasaki. Kiyo amafuna kunyamula chidole cha pashelefu chija. Ndamuseka. Chidole n'cha anthu akakhala atatu, chiwakwanitse anayi, poti pa atatu wapakati amafa. Iwo ndi awiri, chidole cha chiyani? Wangoyang'ana pansi.

Lachiwiri, 12 Meyi

Galasi la chithunzi latuluka ndi banga pakati pa awiriwo, cha m'chiuno mwa Kiyo. Chinyontho cha dziko lino chinditopetsa! Mankhwala otsukira zithunzi amaonongeka usanatsegule n'komwe botolo.

Lachinayi, 14 Meyi

Mayi Kho analiyang'ana galasi nthawi yaitali, atalilozetsa kuzenera.

"A Kuwabara, maso anuwa amaona pokhapokha mutafunda kansalu kakuda? Awiri ati? Akazi anu ali ndi pakati. Mwezi wachisanu uno."

Kiyo wavomera. Akuti amabisa pansi pa lamba wansalu mpaka atatsimikiza, popeza mimba ziwiri zoyamba zija zinapita padera. Zaka zisanu ndi zinayi tikudikira, ine n'kumukaniza chidole. Ndadzida lero.

Ndinati ndiliswe galasilo, poti ndi mwanayo ali atatu. Mayi Kho anandigwira dzanja. "Mwapenga? M'nyumba ya wapakati saswa kanthu, sakhoma msomali. Mukufuna abadwe wong'ambika mlomo?" Ndiye ndijambulenso, chidole chilipo? Akuti galasi loyamba linawerenga kale.

Lachisanu, 15 Meyi

Banga lakula. Ndayeza ndi ulusi.

Loweruka, 16 Meyi

Asilikali atatu a ku kampu anabwera kudzajambulitsa, akukankhana. "Khala pakati ndiwe, mkazi ulibe, akakulire ndani?" Ndinawapatsa chidole, phwete lokhalokha. Ine powajambula, galasi limodzi mpaka ndaononga.

Atapita ndinakaonanso lathu. Banga lili ndi mutu tsopano, ndi china ngati kadzanja kogwira mkono wa malaya a Mayi Kho. Ndine munthu wa mankhwala ndi magalasi, zoterezi ndimaseka makasitomala. Koma ndikuopa.

Kiyo akuti mwana akugunda kwambiri. Wandigwiritsa. Zoonadi.

Lamulungu, 17 Meyi

Nzeru yabwera. Pazithunzi ndimachotsa makwinya a azimayi a akuluakulu a boma ndi kaburashi, ndingalephere kuonjezera chidole? Tsiku lonse ndawerama, kuchilemba pagalasi. Pakati panalibe malo, ndiye ndachiika mbali inayo ya Kiyo, kumapeto. Chatuluka bwino, ndi tsitsi lomwe. Mayi Kho, mwana, Kiyo, chidole. Anayi!

Mayi Kho sanayamikire. Anangofunsa ngati utotowo umafufutika. Ndati ayi, ndapaka kale vanishi.

Lolemba, 18 Meyi

Banga lachoka! Galasi mbee, ngati sipanakhalepo kanthu. Ndinathamangira kuchipinda nsapato zili kumapazi kuti ndikamuuze Kiyo.

Ndampeza atakhala pamphasa, manja onse pamimba, mpunga wam'mawa sanaukhudze.

"Bambo, chidzukire sakugunda."

Mayi Kho apita kukaitana mzamba. Ine ndabwerera kugalasi, ndawerenga ndi chala. Mayi Kho, Kiyo, chidole. Ndayambira mbali inayo. Chidole, Kiyo, Mayi Kho.

Kiyo akundiitana, akuti akumva kuzizira.