Garo Wasiya Kulira, Watsala Ndiwe

Niš, 14 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Dragoslav,

Ndikhulupirira uli bwino ku Stuttgart, ndi kuti chimfine chija unatilengezera katatu chakusiya wamoyo. Ife kuno tilipo. Bondo la Amayi layamba kuphwa.

Unafunsa za mphaka wako Garo usanafunse za bondolo, choncho ndiyamba ndi iyeyo.

Unatisiyira kachilombo ka miyezi isanu komwe unakazoloweza kugona m'malaya mwako ndi kunyambita tchizi pachala. Utangochoka kanasankha Amayi. Akalowa m'bafa, kankalira pakhomo ngati kakuphedwa. Akati akhale pansi, kafika kale pamiyendo. Amayi ankati kakukusowa iwe. Ine ndinatenga pensulo. Tsiku limodzi kanalira maulendo 31, ndipo maulendo 31 kanapatsidwa kanthu. Ngakhale ine ndikanalira.

Za kugwa kwa Amayi unangomva theka. Ankawotcha tsabola wofiira pabwalo, makilo makumi anayi, kuti akupangire ajvar wako wa chaka chino, ndiwo ya m'mabotolo ija. Atanyamula chiwaya chotentha, Garo anawazinga m'miyendo, iwo n'kugwera pamasitepe. Ali chigonere, anafunsa kaye ngati mphaka wapsa, kenako ngati tsabola wako watayika.

Dokotala wa ziweto anandiuza zimene ndinali nditawerenga kale. Mphaka akamalira usamuyang'ane, usamulankhule, usamukalipire n'komwe, poti kwa iye kukalipiridwa ndi kucheza. Akakhala chete, pamenepo umusisite. Chakudya pa nthawi yake, ndipo asanadye athamangitse chingwe mpaka atope. Anandichenjeza kuti masiku oyamba phokoso limakula.

Amayi ananditcha mwala, nati n'chifukwa chake ndinakalamba wosakwatiwa. Tsiku lachitatu Garo anakuwa mpaka mawu kusasa. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinamupeza atadzipinda yekha pazenera, Amayi akumwa khofi ndi manja onse awiri.

Tsopano ndiulule. Foni ya Amayi sinawonongeke monga ndinakuuzira. Ili m'kabati mwanga, pansi pa matawulo.

Pensulo ija ndinakuwerengeranso nayo iwe. Unkaimba kasanu ndi kawiri patsiku: malaya oyera achapidwa bwanji, buledi wa kumeneko sakoma, basi yokubweretsera mabotolo a ajvar inyamuka liti. Bambo wa zaka makumi anayi ndi chimodzi! Ikangolira foni, Amayi ankadzuka n'kutsimphina kuithamangira, pamene dokotala wawo anati mwendowo usaponde pansi milungu itatu. Akagwanso, anatero, sadzayendanso popanda ndodo. Nditaibisa foniyo, poyamba ankaifunafuna m'nyumba monse. Dzulo agona masana kwa nthawi yoyamba chichokere iwe, ndipo atadzuka sanaifunse.

Choncho Loweruka usavutike kukadikira basi. Dalaivala sadzakhala ndi katoni ya dzina lako. Tsabola amene anapulumuka tinadya ife.

Uziimba Lamlungu, kamodzi, pa foni yanga, ndipo uziyamba ndi kufunsa za bondo. Ukatero ndidzawapatsira. Ndikudziwa kuti masiku oyamba phokoso lidzakula, ndinachenjezedwa kale. Garo zinamutengera masiku asanu ndi anayi, ndipo ubongo wake ndi wochepa ngati mtedza. Tiona iwe.

Mulungu akusunge, akupatsenso manja ochapira malaya. Undiperekere moni kwa mlamu wanga Snežana, ndipo umubwereke kalatayi. Ndime ya dokotala wa ziweto imuthandiza.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Radmila